Kujambula mbawala za ku Richmond Park: chithunzi chabwino ndi cha nyama imene yakuiwalani

Ulendo wanga woyamba ku Richmond Park ndi kamera ndinabwerako ndi zithunzi zoposa 200, ndipo nditakhala pansi kuti ndizione, pafupifupi zonse zinali za matako. Iyi ikuthawa, iyo yandifulatira, inayo mutu uli kale m'tchire. Mkazi wanga anaziona, n'kundifunsa ngati nyama za kuno zilibe nkhope. Vuto silinali kamera. Vuto linali loti ndinkazilondola ngati munthu wofuna ngongole yake.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa anzanga a kumudzi amandifunsa. Nyama zimene Angerezi amati deer kwathu kulibe. Tili ndi gwape, mbawala, nswala, ngoma, mphoyo, chilembwe wa ku Nyika uja, koma zonsezo ndi mtundu wina. Kusiyana kwake kuli pamutu. Nyanga ya ngoma kapena nswala ikamera yamera, ndi ya moyo wonse, ndipo siichita nthambi. Za kunozi nyanga zake ndi fupa lenileni, zimachita mphandamphanda ngati mtengo, ndipo chaka chilichonse zimagwa n'kumera zina. Ine ndimangozitcha mbawala, poti pakamwa panazolowera, ndipo m'nkhani ino ndizitcha choncho.

Richmond Park ili kumwera chakumadzulo kwa London. Ndi malo aakulu, maekala pafupifupi 2,500, ndipo anamangira mpanda ndi mfumu Charles I mu 1637 kuti azisakamo nyama. Muli mbawala zoposa 600 za mitundu iwiri. Zazikulu zofiirira ndi red deer, zomwe mphongo yake imatha kupitirira makilogalamu 150. Zocheperapo ndi fallow, zambiri zamawangamawanga, ngakhale zina ndi zoyera mbee ndipo zina zakuda, nyanga zake zophwatalala ngati chikhatho. Kulowa n'kwaulere. Ine ndimatsika sitima pa Richmond n'kukwera basi nambala 371 yokwera phiri kapena 65 yodutsa ku Petersham. Amene muli ku Leicester muli ndi Bradgate Park, a ku Nottingham muli ndi Wollaton Park, ndipo zimene ndinene pano zigwira ntchito kumenekonso.

Nyamazi zinazolowera anthu, zimenezo n'zoona. Zimaona othamanga, a njinga ndi agalu tsiku lililonse. Koma musanyengeke. Palibe amene amaziweta m'khola, ndipo oyang'anira malowa amapempha kuti muzitalikira mamita 50. Kuzolowera kwakeko kumangotanthauza kuti sizithawa msanga. Kuzipeza sikuvuta. Chovuta ndi kupeza mbawala imene ikuchita zake, osati imene ikuyang'ana inu n'kumaganiza zochoka.

Apa m'pamene ndinakumbukira agogo anga aamuna. Iwo anali mlenje, kumudzi kwathu kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo popita kutchire ankatenga phulusa pang'ono m'kansalu. Akafika pamalo ankatsina phulusalo n'kulitaya m'mwamba. Kumene lapita ndi kumene fungo lako likupita. Ankati gwape amakumva ndi mphuno usanamuone n'komwe, ndiye uzimudzera kumene mphepo ikukuwomba kumaso. Ku London sindiyenda ndi phulusa, anthu angandione ngati ndabwera ndi zina, koma ndimazula udzu wouma n'kuuponya. M'mawa wozizira ngakhale mpweya wa m'kamwa mwanu ukuuzani. Ku Richmond mukalakwitsa mphepo mbawala sizithawa kwenikweni, zimangotukula mitu n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono, matako kwa inu. Koma mukadzapita kokajambula roe deer, timbawala tating'ono ta m'mphepete mwa nkhalango ndi minda, kapena zofiirira za kumapiri a Scotland, kulakwitsa mphepo ndiye kuti mwangoyenda ulendo wolimbitsa thupi.

Chachiwiri chimene agogo ankachita ndi kayendedwe. Nyama yolusa imayenda molunjika, maso pa chimene ikufuna. Inuyo musatero. Yendani chopingasa, ngati mukupita kwina, maso pansi kapena kumbali. Zikaweramitsa mitu kudya, sunthani mapazi angapo. Imodzi ikatukula mutu, imani pomwepo, ngakhale mwendo uli m'malere. Ndipo yang'anani zazikazi, makamaka yaikulu msinkhu, chifukwa ndiyo mlonda wa gulu. Mphongo yanyanga zake zija nthawi zambiri imangotsatira zimene zazikazi zasankha.

Phunzirani kuwerenga thupi lake. Mbawala yomasuka makutu ake amayenda lililonse kwake, mchira ukupikiza ntchentche, ndipo ikagona pansi imabzikula, chibwano chikuzungulira ngati ng'ombe ya padambo masana. Ikasiya kubzikula, makutu onse awiri n'kuloza kwa inu, maso dwii, mwafika pa malire. Ikaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, kapena yaikazi ikauwa kamodzi mokhala ngati galu wachimfine, mwadutsa malirewo, bwererani. Ine ndikafika pamalo pomwe imodzi yandiyang'ana koyamba, sindipitiriranso. Ndimakhala pansi, msana kutsamira mtengo, n'kudikira. Pakapita mphindi 15 kapena 20 chibwano chija chimayambanso kuzungulira. Pamenepo ndiye kuti ndasanduka chitsa, ndipo ntchito yayamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero akuluakulu, koma sanatiuze kuti kudekhako kudzakhala pa udzu wonyowa, kuzizira kukulowa m'mafupa. Tengani kapulasitiki kokhalira. Thumba la zinyalala lakuda lija limakwana.

Kukhala pansi kuli ndi phindu lina. Chithunzi chojambula mutaimirira chimaoneka ngati cha munthu woyang'ana mbuzi m'khola, nthaka yokhayokha kumbuyo. Mukatsika kufika pa msinkhu wa maso a nyamayo, kumbuyo kumakhala mitengo yakutali yosungunuka bwino, ndipo woona chithunzi amamva ngati ali nayo limodzi. Musanadine, yang'anani kumbuyoko. Nyanga ndi nthambi za mitengo zimafanana kwambiri, ndipo mphongo yoima patsogolo pa mtengo wouma imaoneka ngati yasenza nkhuni. Sunthani pang'ono kuti nyanga zikhale pa thambo, pa chifunga kapena pa udzu.

Za zovala sindinena zambiri. Zobiriwira, zakhaki, zotuwa. Maso a mbawala saona bwino zofiira koma zabuluu amaziona, choncho jinzi si bwenzi lanu. Chachikulu ndi chovala chosachita phokoso. Majekete ena a mvula aja amalira tswatswatswa mukangotukula mkono. Perefyumu musiyeni kunyumba.

Tsopano nyengo, chifukwa mbawala ya Epulo ndi ya Okotobala zili ngati nyama ziwiri zosiyana.

Chakumapeto kwa dzinja la kuno, mu Malichi ndi Epulo, mphongo zofiirira zimagwetsa nyanga. Nthawi zina imagwa imodzi kaye, ndiye mumaona chimphongo chikuyenda ndi nyanga imodzi, mutu wopendekeka, ulemu wonse utatha. Mukaipeza nyanga pansi isiyeni, mbawala zomwezo zimaitafuna kuti zipezemo mchere wa m'mafupa. Posachedwa zatsopano zimayamba kutuluka, zokutidwa ndi khungu laubweya lofewa lodzaza ndi mitsempha ya magazi, ndipo zimakula mofulumira modabwitsa, pachimake pafupifupi masentimita 2 patsiku. Ndinayesapo kujambula mphongo imodzi yong'ambika khutu sabata iliyonse kwa miyezi itatu, ndipo zithunzizo zikaikidwa pamzere ndi zimene anthu amazikonda kuposa zonse zimene ndili nazo. Pofika Ogasiti khungu lija limafa, mphongo imalikhula pa mitengo, ndipo kwa masiku ochepa imayenda ndi nsanza zamagazi zikulendewera kumaso. Sizokongola koma jambulani, anthu ambiri sanazionepo.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi ndi nthawi ya ana. Mayi amabisa mwana m'udzu wautali kapena m'tchire la bracken, chomera chomwe chija chimadzaza pa Zomba ndi pa Nyika, n'kupita kukadya chapafupi. Kamwanako kamagona phee, mawanga ake akusakanikirana ndi mithunzi. Mukakapeza, sikanatayike, sikamasiye, ndipo mayi ake akukuonani. Musakagwire, musaime pamenepo kufunafuna chithunzi. Chokanipo. Yaikazi ya mwana imathamangitsa munthu, makamaka wa galu, ndipo imamenya ndi ziboda zakutsogolo. N'chifukwa chake miyezi imeneyi agalu amayenera kukhala pa chingwe m'pakimo. Zithunzi zabwino za ana zimabwera mochedwerapo, akayamba kuyenda ndi gulu, pomwe madzulo amathamangitsana n'kumadumpha popanda chifukwa ngati ana a mbuzi.

Koma nyengo imene imandidzutsa 5 koloko m'mawa ndi yokwerana, kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Novembala, pachimake mu Okotobala. Mumaimva musanaione. Mukulowa pachipata kukadali mdima, chifunga chili pansi, ndiye kuchokera kutsogolo kumabwera kubangula kozama, pakati pa ng'ombe ndi mkango. Tsiku loyamba kuimva ndinaima kaye n'kudzifunsa ngati ndili ku London kapena ku Liwonde.

Mphongo pa nthawi imeneyi khosi limatupa, limamera ubweya wambiri, ndipo imadzigudubuza m'matope osakaniza ndi mkodzo wake womwe. Fungo lake mulimva, silofunika kulifotokoza. Imasonkhanitsa zazikazi n'kumazizungulira, kubweza iliyonse yofuna kuchoka, kuthamangitsa tiana tamphongo tozembera m'mbali. Kudya imasiya pafupifupi, moti pofika kumapeto imakhala itaonda, nthiti zikuoneka. Imakwapula tchire ndi nyanga n'kutukula mutu utasenza udzu ndi masamba ngati chisoti cha gule. Chithunzi chimenecho aliyense amachifuna, ndipo chimapezeka mosavuta mukadziwa kuti ikayamba kukwapula tchire, kutukula mutu kukubwera pasanathe masekondi ochepa. Lozani kamera, dikirani.

Kubangula nakonso kumadziwika kusanachitike. Mphongo imatambasula khosi, kutukula mphuno, nyanga n'kugonera kumsana, kenaka pakamwa yasa. Ikabangula ina patali, iyi iyankha, ndiye mukamva ya kutali ikani diso pa yanuyi. M'mawa wozizira mpweya wake umatuluka ngati utsi, koma utsiwo umaoneka bwino pokhapokha dzuwa likakhala kumbuyo kwa nyamayo ndipo kuseri kwake kuli kwakuda, monga mitengo yamthunzi. Choncho musatsatire lamulo la ojambula maukwati loti dzuwa likhale kumsana kwanu. Zungulirani mpaka mbawala ikhale pakati pa inu ndi kum'mawa. Pakati pa Okotobala dzuwa ku London limatuluka cha m'ma 7:20, ndipo kuwala kwagolide kuja sikukhalitsa. Pofika 9 koloko chifunga chapita, ndipo anthu adzaza. Kumbukiraninso kuti Lamlungu lomaliza la Okotobala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, ndiye pa wotchi dzuwa limatuluka msanga. Ine chaka china ndinaiwala, ndinafika dzuwa lili kale pamwamba pa mitengo.

Ndewu yeniyeni siichitika kawirikawiri, chifukwa mphongo zimayesana kaye ndi mawu. Zikalephera kugonjetsana pobangula, zimayamba kuyenda moyandikana, mbali ndi mbali, pang'onopang'ono, iliyonse ikuyeza inzake ndi diso la m'mbali. Nthawi zambiri imodzi imaona kuti apa sipanga, n'kupatuka ngati inali ndi ulendo wina. Koma ikatembenuka n'kutsitsa mutu, nyanga zimakumana khwaa, ndipo zimakankhana mozungulira, nthaka ikuuluka. Mukaona kuyenda kwa mbali ndi mbali kuja, chitani zinthu ziwiri: kwezani liwiro la shata (kachitseko ka m'kamera kotseguka n'kutsekeka mukadina), ndipo yang'anani kumene muthawire. Yogonja imathawa mosaona njira, yopambana ili pambuyo.

Izi ndikunena ndinaziona. M'mawa wina chakufupi ndi Pen Ponds, maiwe awiri a pakati pa paki, diso langa linali m'kamera kwa nthawi yaitali ndikutsata mphongo imodzi. Sindinaone kuti zazikazi zitatu zadutsa mwakachetechete n'kukaima kumbuyo kwanga. Ndinangozindikira kuti mphongo ija ikukula m'kamera, ikukulirakulira, mpaka siikukwananso. Nditachotsa diso, inali ikubwera chondilunjika, mutu uli m'mwamba, milomo itakwinyika. Sinkafuna ine, inkafuna akazi ake, koma ine ndinali pakati. Ndinabwerera chammbuyo mpaka kuseri kwa mtengo waukulu wa oak, mawondo akuwombana, ndipo inadutsa pafupi moti ndinamva kupuma kwake. Chivindikiro cha lenzi chinatsala pomwepo, sindinachibwerere. Kuyambira tsiku limenelo, ndikadina kangapo ndimatukula mutu n'kuyang'ana mbali zonse, ndipo sindikhala pamalo popanda mtengo pafupi. Anthu avulazidwapo ndi mbawala m'mapaki a London, ambiri mwa iwo akufuna kudzijambula nazo pafoni kapena kuzipatsa chakudya.

Mphongo za fallow zili ndi kachitidwe kake. Sizibangula, zimabuula mobwerezabwereza ngati munthu wogeya atakhuta thobwa, kholingo likukwera ndi kutsika. Zimakonda pansi pa mitengo, pomwe kuwala n'kochepa, ndiye zimafuna dzanja lokhazikika.

Za kamera. Simufunika ya mamiliyoni. Yanga ndinagula yakale, ndi lenzi ya 70-300mm, ndipo pa mamita 50 nyama yaikulu ngati imeneyi 300mm imakwana. Amene ali ndi 400mm kapena kuposa apeza nkhope yodzaza, koma chithunzi cha mbawala yaing'ono pakati pa mitengo ikuluikulu ndi chifunga nthawi zambiri chimaposa cha nkhope. Liwiro la shata ndi limene limapha zithunzi zambiri. Nyama yoima ndimaika 1/500 ya sekondi, yoyenda kapena yomenyana 1/1000 kupita m'mwamba. M'bandakucha kuwala kumachepa, ndiye tsegulani lenzi mpaka pomwe imathera, kaya ndi f/5.6, ndipo musaope kukweza ISO, mphamvu ya kamera yomvera kuwala, kufika 1600 kapena 3200. Chithunzi cha timadontho tobwera ndi ISO yokwera chimakonzeka pa kompyuta, chogwedezeka ndi chotaya basi. Fokasi ikhale pa diso. Kamera mukaisiya kuti isankhe yokha imathamangira nyanga kapena udzu wa patsogolo, ndiye sankhani kadontho kamodzi n'kukaika pa diso. Pa chifunga kamera imadetsa chithunzi, onjezerani kuwala pang'ono. Zimitsani kulira kwa fokasi ndi fulashi. Miyendo itatu ya kamera ija ine ndinaisiya, imalemera ndipo imachedwetsa. Ndikakhala pansi ndimaika chigongono pa bondo.

Kuzizira kumamaliza batire msanga, choncho yapadera ikhale m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Mukabwerera kunyumba musatulutse kamera m'chikwama nthawi yomweyo, isiyeni ola limodzi izolowere kutentha, apo ayi galasi lichita nthunzi mkati. A foni, musayandikire kuti nyama ikule. Jambulani malo onse, mbawala ikhale mbali ya chithunzicho, kapena tengani vidiyo ya kubangula, poti mawuwo ndi amene anthu kumudzi sakhulupirira.

Mukatopa ndi nyanga, yang'anani tinthu tating'ono. Pali mbalame zonga akhwangwala aang'ono, za maso otuwa, zotchedwa jackdaw, zimene zimatera pamsana ngakhale pamutu pa mbawala kufuna nkhupakupa, ndipo nthawi yomanga zisa zimazula ubweya n'kuuluka nawo utadzaza kukamwa. Mbawala imangotsinzina. Onaninso mitengo ya m'pakimo: masamba ake onse amathera pa msinkhu umodzi, molunjika ngati wina anadula ndi sizasi. Ndi pomwe pakamwa pa mbawala pamafika. Nthawi zina yaikazi imaima ndi miyendo iwiri kufikira tsamba la pamwamba, ndipo imakhala choncho kamphindi kokwanira kudina kawiri. M'dzinja zimadalira mbewu za oak ndi chestnut zogwa pansi, n'chifukwa chake oyang'anira amaletsa kutola.

Nkhupakupa zija zisakhale za mbalame zokha m'maganizo mwanu. Za kuno ndi zazing'ono kwambiri, zina ngati kambewu ka fodya, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme. Lowetsani thalauza m'masokosi, ngakhale muoneke ngati mlonda wa esiteti, ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Ine inandigwira kuseri kwa bondo. Ichotseni ndi kopanira kakang'ono, mukugwira pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika. Zothira palafini kapena kuiwotcha ndi machesi, monga tinkachitira ndi agalu kumudzi, musayese. Mukaona banga lofiira lozungulira likukula pamalopo, kapena mukamva ngati malungo, pitani kwa dokotala n'kumuuza kuti munalumidwa ndi nkhupakupa.

Dziwaninso kuti mu Novembala ndi mu Febuluwale oyang'anira amapungula chiwerengero cha mbawala, popeza mulibe chilombo chozidya, ndipo masabata amenewo zipata za oyenda pansi zimatsekedwa usiku mpaka m'mawa. Onani nthawi yotsegulira musananyamuke.

Chithunzi chimene chili pakhoma kwathu si cha ndewu. Ndinali nditatuluka ntchito ya usiku, tulo tili m'maso, ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi gulu la zazikazi zogona, ndipo ndikuganiza kuti ndinawodzera. Nditatsegula maso, imodzi inali itadzuka n'kuyandikira yokha, ikudya, kenaka inaima n'kuyamba kudzikanda kuseri kwa khutu ndi chiboda chakumbuyo, diso limodzi lotsinzina, lilime lili panja pang'ono. Ndinatukula kamera pang'onopang'ono kuchokera pa bondo n'kudina katatu. Sinatembenuke n'komwe. Nditatumiza chithunzicho kumudzi pa WhatsApp, amalume anayankha ndi mawu ojambula, akufunsa kuti nyama yonona chonchi, yoima pafupi chonchi, ndinaisiya bwanji.